Minibasi Yovala Katoni

Cles, 6 Novembala 2011

Okondedwa Bambo,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene maso anu ndi otopa kale. Ndikanaimba foni, koma paja pafoni simundimva, mumangoti "ee, ee" ngakhale ndikufunsa funso. Ndiye ndapempha a Nichifor, oyendetsa basi ya katundu, kuti azikufikitsirani makalata anga akamabwera kumudziko. Ndalemba zilembo zikuluzikulu. Mukapeza zolakwika musaseke, mukudziwa pomwe ndinalekezera sukulu.

Muli bwanji? Nanga mwendo uja? Mwana wanga Ilinca akudya bwino? Ife kuno kudziko la eni tili bwino, ine ndi mkamwini wanu a Serafim.

Kuthyola maapozi kunatha. Tsopano ndili m'shedi ya a Ottavio, eni munda, kusankha maapozi ndi kulongedza m'makatoni. A Serafim apeza mwayi chifukwa cha minibasi yathu. M'mawa amakatenga amayi asanu ndi awiri m'midzi ya kumtunda kwa chigwa, madzulo n'kuwabweza, ndipo masana amakasiya makatoni m'masitolo. Dizilo amalipira ndi a Ottavio. Anena kuti tikagwira bwino mpaka Malichi adzatisainira mapepala otilola kukhala ndi kugwira ntchito kuno chaka chathunthu tonse awiri. Mapepalawo akatuluka tikhoza kudzamutenga Ilinca. Sindikufuna kuzitchula kwambiri, kuopa kuzithawitsa.

Minibasi ikuyenda bwino. Karediyeta kaja munamangirira kutsogolo, koziziritsa oyilo wa giyabokosi, kanatithandiza pobwera mu Ogasiti. M'mapiri muja, ndi ngolo yodzaza kumbuyo, tinadutsa magalimoto atatu ataima akufuka nthunzi, ife osaima. A Serafim anati, "Madala ajatu ndi ovuta, koma chitsulo chimawamvera." Ndalemba monga ananenera, musakwiye ndi mawu oyambawo.

Ndatumiza nsapato za Ilinca ndi khofi wanu. Nkhumba musamaipatse chimanga chokhachokha, muziphatikiza maungu. Mpesa wa pakhomo muufotsere chisanu chisanafike.

Ndine mwana wanu,
Zinaida

Cles, 4 Disembala 2011

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Ilinca. Ife tili bwino, kungoti zala zikung'ambika ndi kuzizira kwa m'shedi. Zikomo chifukwa cha tchizi, mtedza ndi kambiya ka vinyo. A Serafim alawa, ati wa chaka chino waposa wa chaka chatha.

Pali kankhani kakang'ono, mwina si kanthu. Lachisanu a Ottavio anatulukira pashedi atanyamula timapepala ta komwetsera mafuta.

"Serafim, galimoto yakoyi yayamba kumwa ngati alendo a paukwati," anatero. "Mu Seputembala inkatha malita 11 pa makilomita 100. Pano 13, tsiku lina kupitirira."

"Kukuzizira, bwana. Ngakhale ine ndikudya kawiri."

"Iwe ukamadya kawiri mimba imaonekera. Nanga dizilo wangayo akuonekera pati?"

Amayi onse anaseka, a Ottavio nawonso anaseka, koma timapepalato anatipinda bwinobwino n'kutiika m'thumba la pamtima. Dizilo kuno wakwera, lita imodzi ikuyandikira yuro imodzi ndi masenti 70.

Dzulo a Serafim anapita nayo kugalaja ya pamlatho. Makaniko analumikiza makina ake, akuti injini ilibe vuto, matayala ali bwino, palibe pomwe pakudontha. A Serafim anabwerako osasangalala. Ndimayembekeza kuti asangalala.

Bambo, ndikupempheni chinthu. Nkhani ija ya zaka zisanu zapitazo, pamene a Serafim anagwidwa akugulitsa dizilo wa thirakitala ya eni ake, chonde musaitchule kwa a Nichifor. Munthu uja pakamwa pake sipatsekeka, ndipo amayi ena amene ndikugwira nawo ntchito ndi a m'boma lathu. Anali asanakhwime nzeru nthawi imeneyo, ndipo chilango chake analandira.

Ilinca azivala masokosi awiri. Akakana, mumuuze kuti anena ndi amayi.

Mwana wanu,
Zinaida

Cles, 18 Disembala 2011

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi kwa Ilinca. Ndamva kuti chifuwa chamusiya, ndathokoza Mulungu. Ine ndili bwino.

Kalata yanu ndinaiwerengera kuseri kwa makatoni. Za nkhumba ndi za denga ndamva. Pa nkhani inayo mwalemba mawu atatu okha: "Ndinakuuza kale, mwanawe." A Serafim anafunsa kuti apongozi awo akuti chiyani, ndinati mukuwapatsa moni.

A Ottavio sakusekanso. Akuti mwezi watha wokha malita 60 sakudziwika komwe anapita. Anafunsa mnzawo amene ali ndi minibasi yofanana ndi yathu, akuti nthawi yozizira imawonjeza pang'ono, koma osati chonchi.

Ine ndimakhala mpando wa kutsogolo, ndiye ndayamba kulemba manambala a makilomita m'mawa ndi madzulo, kuseri kwa kapepala komata pamakatoni. Ndimaonanso kamuvi ka mafuta tikamatsika ndi tikamakwera. Ndikuchita mobisa. Mpaka pano sindinapeze tsiku lomwe anapita kwina. Koma masana sindikhala nawo.

Ndachitanso chinthu china chochititsa manyazi. Akavula jekete n'kupita kokasamba, ndimanunkhiza manja a jeketeyo. Munthu woyendetsa galimoto amanunkha dizilo ndithu, ndiye sindikudziwa chomwe ndikufuna kupeza. Izi musauze munthu.

Nkhumba mukapha, mwendo umodzi muwapatse aneba amene amamusamalira Ilinca inu mukapita kumsika. Ndaika ma yuro 50 m'bokosi la maswiti, pansi pa pepala. Mugule nkhuni, musadikire za m'nkhalango ndi mwendo wanu wodwalawo.

Mwana wanu,
Zinaida

Cles, 8 Januwale 2012

Okondedwa Bambo,

Khristu wabadwa. Ndikhulupirira dzulo munadya bwino, ndipo ana oyimba pazenera munawapatsa mtedza ndi buledi wopota monga ankachitira malemu amayi. Kuno Khirisimasi yawo anadyeratu mwezi watha, ndiye yathu ya pa 7 Januwale tinadyera m'shedi, kusankha maapozi. Thupi lili bwino.

Nkhani ya thirakitala ija yafika kuno. Sindikufunsa kuti a Nichifor anaimva kwa ndani.

Lachiwiri m'minibasi, Aurica, mayi wa mudzi woyandikana ndi wathu amene amakhala kumbuyo kwenikweni, anakuwa kuti, "A Serafim, lita mukuchita zingati? Achimwene anga ali ndi thirakitala!" Ena anaseka, wina anati, "Iwe Aurica, chete, angatitsitse pamlatho n'kutigulitsa ifenso." A Serafim anangoyang'ana msewu. Makutu awo anafiira, chiwongolero anachigwira ngati akufuna kuchithyola. Pofika Lachitatu a Ottavio anali atamva.

Tsopano aika chotsekera cha kiyi pathanki. Kiyi amasunga okha, pomwetsa mafuta amapita nawo. Koma minibasi ikumwabe chimodzimodzi. Ine ndinkayesa apa zadziwika kuti si iwo. A Ottavio akuti ayi, wodziwa kuba amatsegulira pansi. Anena kuti pa 15 Febuluwale, zikapanda kusintha, adzatenga woyendetsa wina, ndipo za mapepala tiiwale. Chipinda chomwe tikugonamo ndi chawonso.

Lachisanu ndikusesa m'minibasi ndinapeza paipi ya labala pansi pa mpando. Ndinaitenga n'kukaiika patebulo patsogolo pawo. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anati, "Inunkhize, Zina. Paja kununkhiza umakutha."

Inkanunkha vinyo. Ndi ija munatumiza inu pamodzi ndi kambiya, yopopera vinyo m'mabotolo.

Masiku awiri tsopano akungondiyankha "eya" ndi "ayi". Za jekete anandiona liti, sindikudziwa.

Mundipsompsonere Ilinca. Musamuuzenso kuti abwera kuno m'chilimwe.

Zinaida

Cles, 22 Januwale 2012

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani, lero za pakhomo ndilemba mwachidule, chifukwa ndili ndi funso. Muwerenge pang'onopang'ono ndipo musakwiye musanafike kumapeto.

Tikatsika phiri n'kuwoloka mlatho, pali msewu wowongoka wa makilomita asanu ndi atatu. Nthawi yotentha tikafika pamenepo minibasi inkatsitsa mawu, ngati munthu amene watula mtolo n'kuusa moyo, ndipo kamuvi kosonyeza kuthamanga kwa injini kankagwera pansi pa 2. Ndinkadziwa chifukwa ndi pamene tulo tinkandigwira. Kuyambira Novembala sikutero. Imalira mokweza njira yonse, kamuvi kali pamwamba pa 2. Ndinali nditaiwala kuti inkatsitsa.

Lachitatu kunagwa chipale chofewa, chonyowa ndi chomata. Chinamata kutsogolo konse kwa minibasi, karediyeta kanu osaonekanso. Pobwerera madzulo, pa msewu womwewo, inatsitsa mawu. Ndinagwira a Serafim pamkono, ndinati, "Mwamva?" Anati, "Ndamva chiyani?" M'mawa mwake anachotsa chipalecho ndi tsache, ndipo inayambiranso kulira mokweza.

Tsiku limenelo titafika pashedi, titayenda ola lathunthu, ndinagwada ngati ndikumanga nsapato n'kupisa dzanja pansi. Mbali ya injini kunali kotentha. Koma paipi yochoka pa karediyeta kanu inali yozizira ngati unyolo wa pachitsime.

Lachisanu nthawi ya nkhomaliro ndinapita ndekha kugalaja ya pamlatho. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali mpaka makaniko anati, "Mayi, mukugula kapena mukulondera?" Chilankhulo chawo ndimachidziwa pang'ono, ndiye ndinajambula papepala. Anamvetsera. Akuti oyilo wa giyabokosi akazizira amalimba ngati uchi wa m'chisanu, ndipo galimoto yosintha yokha magiya ngati yathuyi imakana kumanga giya yomaliza mpaka oyiloyo atafunda. Injini imathamanga, koma mphamvu ina imangothera m'kutakasa oyilo, dizilo n'kumapita. Akuti iye sanazione chifukwa anaiyesa itaima m'galaja mofunda. Kenako anafunsa, "Kavalavu kake kali kuti? Kamene kamatsekera oyilo kuti asapite kozizira asanafunde?" Ndinati sindikudziwa. Anati zomangirira za pakhomo iye sakhudza.

Koma ndikudziwa, Bambo. Tsiku lija munkamanga karediyeta, munachotsa kachitsulo kofiirira, kakakulu ngati bokosi la machesi. Munati, "Aka n'kongovutitsa, oyilo azizizira nthawi zonse," n'kukaponya m'chitini cha misomali.

Sindikuti munalakwa. M'mapiri muja mu Ogasiti munatipulumutsa. Ndikungofunsa ngati kadakali m'chitinimo, ndiponso ngati zimene ndikuganizazi zingakhale zoona. Inu ndi amene mumadziwa. Kwatsala masabata atatu.

Mwana wanu,
Zinaida

Cles, 5 Febuluwale 2012

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale sindikudziwa, chifukwa a Nichifor abwera opanda kalata. Akuti munawerenga yanga muli chiimire pageti, munaipinda, n'kulowa m'shedi yanu osawatsanzika. Ilinca akuti anamuona akusewera, ndiye mtima wakhala pansi pa mbali imeneyo. Kuno kukuzizira moti madzi akuuma m'mapaipi.

Ndinawafotokozera a Serafim zonse. Ndinati titseke karediyeta ndi katoni, monga amachitira oyendetsa mabasi kwathu nthawi ya chisanu. Anakana. Anati, "Ntchito ya bambo ako sindiikhudza. Ndikatseka, giyabokosi n'kupsa, adzati wakuba uja waphanso galimoto." Sutikesi aitsitsa kale pamwamba pa kabati.

Ndiye Lolemba m'mawa, iwo akumwa khofi, ndinadula katoni ya maapozi ndi mpeni wa buledi. Ndinaimangirira ndi waya kutsogolo kwa karediyeta kanu kokha, ndinasiya mpata wa zala zinayi pansi. Rediyeta yaikulu ya injini sindinaitseke. Atatuluka anaima, anayang'ana, analowa n'kuliza injini.

Aurica ataiona anaomba m'manja. "Ee, tafika kwathu! Kwangotsala nkhuku pampando ndi thumba la anyezi!" Koma pa msewu wowongoka uja minibasi inatsitsa mawu, kamuvi kanagwa. A Serafim anayang'ana kamuvi, anayang'ana msewu, anayang'ananso kamuvi. Kenako anazimitsa wailesi.

A Ottavio anati, "Kodi galimoto yadwala chimfine? Katoni yangayo ndidula pa malipiro." Bambo, mukundidziwa, ngakhale kutchalitchi sindiyimba mokweza. Koma ndinayenda mpaka pomwe anaima. Ndinati, "Bwana, mudzaze thanki nokha mpaka pakamwa. Makilomita mulembe nokha. Kiyi musunge. Pa 15 mudzadzazenso, tidzaone."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kodi iwe umalankhula? Miyezi isanu ndimayesa Serafim anakwatira chithunzi." Kenako anati, "Chabwino. Ikafika 12 kapena kutsika, nkhani yatha. Ikapitirira, katoni imeneyo mulongedzeremo katundu wanu."

Tiyamba mawa.

Chondiopsa ndi ichi. Makaniko akuti oyilo akatenthanso kwambiri amapsa, ndipo giyabokosi imathera pomwepo. Mudzi womaliza uli pamwamba, timakwera tili anthu asanu ndi anayi. Ndiye tikafika pamwambapo ndimatsika n'kugwira paipi. Ikakhala ngati kapu ya tiyi, zili bwino. Lachinayi kunawala dzuwa, inandiwotcha chala mpaka kutuluka thuza, ndinachita kuboola kazenera pakatoni anthu onse akuonerera. Sindikudziwa kukula kwake koyenera. Ndikungoyerekeza ndi dzanja. Giyabokosi ikapsa, udzakhala mlandu wanga ndekha.

Mukadandiuza ngakhale mawu amodzi.

Zinaida

Cles, 19 Febuluwale 2012

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi kwa Ilinca. Ife tili bwino. Chala chapola.

Lachitatu pa 15 tinapita komwetsera mafuta tonse, ndi amayi omwe, chifukwa Aurica anati sangaphonye maliro kapena ukwati, chilichonse chomwe chichitike. A Ottavio anatsegula thanki okha, anathira okha mpaka dizilo anaonekera pakamwa. Ine ndinkayang'ana nsapato zanga. Anawerengera pafoni yawo, anafufuta, anawerengeranso. Aurica anati, "Bwana, tauzeni, mkazi wa eni ake angakomoke."

Anati, "11 ndi theka."

Anazungulira minibasi, anagwada kutsogolo, anagogoda katoni ija ndi chala. Kenako anapita kwa a Serafim, anavula chipewa pamaso pa amayi onse, anati, "Ndinakulakwira." Kiyi wa thanki anandipatsa ine, akuti ndizisunga chifukwa makaniko tsopano ndine. Mapepala akuti tikasaine pa 5 Malichi. M'mawa mwake Aurica anabwera ndi mbale ya zitumbuwa za kabichi, anaika pamiyendo pa a Serafim, anati, "Idyani, pakamwa panga ndi pomwe panaba."

Dzulo a Nichifor anabweretsa phukusi lanu. Kavalavu kaja kafika bwino, m'sokosi ya Ilinca. Ndaona kuti munakatsuka mpaka kuwala, ndipo munasintha timalabala take. Papepala mwajambula mapaipi ndi mivi yosonyeza kolowera ndi kotulukira oyilo. Ndinalitembenuza pepalalo kawiri, kufuna mawu. Palibe.

A Serafim amangirira okha kavalavuko lero masana, pepala lanu atalitsamiritsa pa tayala. Akuti mwajambula molondola, ngakhale mwana akhoza kutsatira. Tayesa mpaka pamwamba ndi kubwerera. Paipi ili ngati kapu ya tiyi, ndipo pa msewu wowongoka minibasi yatsitsa mawu popanda katoni. Karediyeta kanu sitichotsa, akuti kadzafunika m'mapiri tikamadzabwera kudzatenga Ilinca.

Koma m'nyumba muno simunafunde. Sutikesi aibweza pamwamba pa kabati, komabe Lachinayi anandiuza kuti, "A Ottavio ndi mlendo, kundikayikira kwawo sikunandipweteke. Koma mkazi wanga kununkhiza jekete yanga, apongozi anga kuuza basi yonse?" Ndinapepesa, ndipo ndizipepesabe mpaka adzamve. Mbali yanga ndi imeneyo.

Inayo ndi yanu, Bambo. Sindinakupempheni chinthu chachikulu chibadwire. Ndikudziwa kuti kavalavu kotsukidwa kaja ndi mawu anu, ine ndawamva. Koma iwo sanakule nanu, sadziwa kumva chitsulo chikamalankhula. Alembereni mzere umodzi wokha. Muwauze kuti mukudziwa kuti sanabe.

Ndaikamo timaulusi tiwiri tofiira ndi toyera ta mwambo wathu wolandirira nyengo yofunda pa 1 Malichi, kena ka Ilinca, kena kanu, mudzamange pachifuwa. Ndaikamonso pepala loyera ndi envelopu, ndalembapo kale dzina lawo kuti musavutike. A Nichifor anyamuka kumeneko Lachiwiri la sabata ya mawa. Pepani pokuvutitsaninso, koma chonde yankhani msanga, asabwerenso chimanjamanja.

Ndine mwana wanu,
Zinaida